Chubu cha Kumbuyo

Chinaphulika mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo,
ndikutsetsereka kuchokera ku Kanjala,
makope makumi anayi ali pakaliyala.
Phuu! Mayi wa zitumbuwa anamwaza chenji mumsewu.

Ndinaikankha njinga mpaka ku Kapata,
pa kamthunzi ka malata ka Lufeyo Mshanga.
Iye osandiyang'ana n'komwe, sipanala ili kukamwa:
Aphunzitsi, mwati chaphulitsa n'chiyani?

Ndinamwetulira. Funso limeneli ndimadyera.
Ndinati: mpweya ndi tinthu tosaoneka ndi maso,
tikatenthedwa timathamanga,
timagunda khoma la chubu
monga ana pachitseko belu loweruka likalira.
Phula latentha, tinthu tapenga, mpira wagonja.
Limeneli ndi lamulo, bambo Mshanga,
silisankha Chipata kapena Lundazi.

Anamiza chubu m'beseni la madzi akuda.
Tonse awiri tinadikira thovu.

Nanga cha kutsogolochi, anatero,
chinkayenda pamthunzi?
Msewu womwewo, dzuwa lomwelo,
pampu ndi yanga yomweyi, Lolemba lija.

Ndinati: kulemera. Ine ndi makope tili kumbuyo.
Anati: dzana munadutsa pano ndi thumba la feteleza.

Kenaka anagwira chala changa cha choko
nachiyendetsa m'kati mwa limu
mpaka chinabayidwa.
Sipoko imodzi inali itatulutsa mutu,
yakhala ikukanda mpira mwakachetechete
sabata zitatu, mwina zinayi.
Ndinakuuzani, anatero, kuti ichi sichiona mvula.

Anandiuzadi. Ndinaseka tsiku limenelo
chifukwa analibe chifukwa,
anangoti gudumu likulira molakwika.

Lamulo langa silinaname.
Koma masana omwewo linagwira matayala onse a m'tauni,
a onyamula makala, a anyamata onyamula anthu,
ndipo pafupifupi onse anafika kwawo.
Lamulo limadziwa mpweya wa dziko lonse,
njinga yanga silikuidziwa.
Lufeyo akudziwa njinga yanga mpaka dzimbiri lake,
koma mukanamuchotsera dzuwa
sipoko ija bwenzi ikukandabe mpaka Khisimasi,
ndipo za tsiku ndi ola iye alibe mawu.

Ndiye chifukwa chake n'chiti?
Chimene chimakwanira paliponse,
kapena chimene chinandibaya chala?
Mwina funso ndilo linali ndi mbali ziwiri:
ine ndinamva kuti, bwanji lero osati dzulo,
iye ankati, bwanji ichi osati chinzake.

M'mawa mwake ndinaitengera nkhaniyi m'kalasi,
ndikuganiza kuti ndaimaliza.
Ndinajambula gudumu pabolodi, mivi, timadontho.
Tionenji wa pampando wakumbuyo,
amene sakweza dzanja chaka chonse,
anakweza:
N'chifukwa chiyani tikatenthedwa timathamanga?

Ndinati: kutentha ndiko kuthamanga kwa tinthuto.
Anati: ndiye mwanena chinthu chimodzi kawiri.

Kalasi inaseka. Ine ndinayang'ana choko.
Pansi pa yankho lililonse ndimapeza chitseko,
ndikatsegula ndimapeza masitepe,
ndipo mabuku amene ndinaphunzira
amaima pa sitepe ina n'kunena kuti pano ndi pansi,
mpaka wina adzabwere ndi nyali yowala kuposa.
Sindinamuuze zonsezi. Ndinati:
funso lako ndi lalikulu kuposa mayeso,
ulisunge, usalisinthanitse ndi malikisi.

Madzulo Lufeyo anali atapala sipoko ija,
wakulunga limu ndi chidutswa cha chubu chakale.
Chigamba ndi guluu, makwacha khumi ndi asanu.
Zofotokoza zija, anatero, ndakupatsani ulere,
inunso zanu sindikulipirani.

Ndinakwera pang'onopang'ono kulowera ku Mchini,
phula likutulutsabe kutentha kwa masana.
Tinthu tija tinali m'kati, tikugunda, ndikudziwa,
ngakhale sindinatione ndi kamodzi komwe.
Ndinapendeketsa mutu kumvetsera gudumu
monga amachitira iye.
Ndinangomva tcheni.